Mwendo wakutsogolo wa RV ukayamba kugwedera mu mount ya injini, konzani chonchi

Mwendo wakutsogolo wa ndege ukayamba kugwedera pomwe unalowa mu mount ya injini, chimango cha mapaipi chomwe chimagwira injini, anthu ambiri amathamangira sipanala nkumanga nati mwamphamvu. Chonde musatero. Bawuti yomwe imagwira mwendo mu paipi ya mount sanaiike pamenepo kuti izifinya paipiyo ayi, ntchito yake ndi kudzaza bowo kuti mwendo usazungulire, ndiye ngati bowolo lakula kale olo mumange mpaka manja achite matuza mpata uja ulipobe, mwangoubisa kwa masabata ochepa basi, ndipo mwina mwaphwanyiratu paipiyo moti siikhalanso yozungulira bwino. Chomwe chimagwira mwendo ndi kuthina kwa bawuti m'bowo, osati mphamvu ya dzanja lanu pa nati.

Ndikukamba za ndege za Van's Aircraft, kampani ya ku Aurora m'boma la Oregon yomwe anayambitsa a Richard VanGrunsven, makamaka RV-6A, RV-7A, RV-8A ndi RV-9A, zija munthu amagula ngati kiti nkumanga yekha mu galaja kwa zaka. Chilembo A chija chimatanthauza kuti tayala lachitatu lili kutsogolo osati kumchira. Zilipo zambiri ku America, ku Britain, ku Australia ngakhale ku South Africa, ndipo zambiri mwa izo zakalamba tsopano, zina zadutsa m'manja mwa eni atatu kapena anayi, ndiye vuto limeneli likuoneka pafupipafupi. Ngati yanu ndi mtundu wina maganizo ake ndi omwewa koma manambala mutenge m'mapulani anu.

Kapangidwe kake nkosavuta. Mwendo ndi ndodo imodzi yachitsulo cha sipuling'i, yonenepa kumtunda yowonda kumunsi, nzeru yomwe inachokera kwa Steve Wittman kalekale. Palibe shoko, palibe mafuta, ndodoyo imangopindika nkubwerera. Kumtunda imalowa mu soketi, ndiye kuti paipi yomwe anaiwotcherera ku mount ya injini, ndipo mount yonseyo ndi mapaipi a chitsulo cha 4130. Bawuti imodzi yokha ya AN5, ya 5/16 inchi, imapyoza soketi ndi mwendo pamodzi. Kumunsi kuli foloko yomwe imagwira tayala, ndipo tayalalo siliwongoleredwa ndi mapedulo, limangotsatira komwe ndege ikulowera, inu mumakhota ndi mabuleki. Ndiye taganizani, nthawi iliyonse tayala likagunda kadzenje kapena likayamba kuvina uku ndi uku, mphamvu yopotokola yonse imakwera ndi ndodo ija nkukathera pa kabawuti kamodzi kaja. Khoma la soketi ndi lopyapyala komanso lofewa poyerekeza ndi mwendo womwe unaumitsidwa ndi moto, choncho chomwe chimayamba kudyeka kawirikawiri ndi bowo la pa soketi, limasiya kukhala lozungulira nkukhala ngati dzira.

Aliyense amene anapalasapo njinga yakale ya kotapini akudziwa nkhani imeneyi. Kotapini ikangokhwepa pang'ono pedulo imayamba kugogoda popalasa, mukaisiya sabata imodzi mupeza yadyeka mpaka mphako, ndipo kumenya nati yake sikuthandiza, imangoduka. Kugwedera kumabala kugwedera. Pa ndege ndi chimodzimodzi, kusiyana kwake nkwakuti bowo likakula ndi 0.005 inchi yokha, kamtunda kosaoneka ndi maso, mwendo umatha kuzungulira pafupifupi theka la digiri, ndipo pofika kumunsi kwa ndodo yaitali ija tayala limakhala likusuntha moti mukhoza kuliona.

Musanamasule kalikonse yambani mwapeza pomwe pakugwedera penipeni, chifukwa malo okayikitsa ndi atatu ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Zimitsani zonse, makiyi a magneto atuluke ali m'thumba mwanu, chotsani waya wa batire, ndipo propela muziiona ngati ikhoza kulira nthawi iliyonse. Tsekerani matayala akuluakulu awiri kutsogolo ndi kumbuyo. Chotsani kaulo yonse, ndiye kuti chivundikiro cha injini, komanso chivundikiro cha tayala ndi chivundikiro cha mwendo. Kenaka mphuno inyamuke. Ena amamangirira mchira pansi ndi lamba kuchokera pa ring'i yomangira ndege kupita pa chinthu cholemera kapena ring'i ya pa simenti, ena amakoka injini ndi kireni yaing'ono pa khutu lonyamulira injini la Lycoming. Zonse zimagwira, koma ine ndimakonda kuti pakhale ziwiri, lamba kumchira komanso chothandizira china pansi pa thupi la ndege pamalo olimba, chifukwa mukhala mutalowetsa mutu pansi pa injini yolemera makilogalamu oposa 100 ndipo mwendo mukhala mutauchotsa. Osadalira mnzanu kukhala pamchira, munthu amatopa, amaiwala, foni imalira.

Tayala likachoka pansi, inu gwirani foloko ndi manja awiri muziyesa kupotokola mwendo wonse uku ndi uku, mnzanu aike chala pomwe mwendo ukutulukira mu soketi, theka la chala pa mwendo theka pa soketi. Chala chimamva zomwe diso silingaone. Akamva kachidutswa ka kusuntha kozungulira, ndi bowo la bawuti. Kenaka kwezani ndi kutsitsa mwendo, muukankhenso chakumbali, akamva kugogoda kukamwa kwa soketi ndiye kuti paipi yeniyeniyo yakula mkati, imeneyo ndi nkhani ina yaikulupo. Ngati kumtunda kuli zii koma foloko ikugwedera payokha pa mwendo, vuto lili pa mabushi a foloko kumunsi ndipo mwapulumuka, mount musaikhudze.

Yang'ananinso ndi tochi mozungulira mutu wa bawuti ndi nati. Pakakhala kusuntha mupeza kafumbi kofiira moderako, konga ufa wosalala kwambiri, kali m'mphepete mwa washala kapena katatsetsereka ndi mafuta nkupanga kamzere kotsika pa soketi. Anthu amati ndi dzimbiri la mvula koma ayi, ndi chitsulo chomwe chakhala chikukhuzana ndi chinzake nkumaperesedwa pang'onopang'ono. Mukachiona chimenecho musafunsenso, mwendo wakhala ukuyenda.

Tsopano masulani. Pa ndege zambiri zoterezi womanga anabowola kabowo pa firewall, khoma lachitsulo la pakati pa injini ndi mokhala anthu, kuti bawuti kapena bokosi sipanala idutse, kamakhala kotsekedwa ndi kachivundikiro kachitsulo, ndiye wina angafunike kugona mkati cha kumapedulo. Musanatulutse bawuti lembani mzere ndi maka kuchokera pa soketi kutsikira pa mwendo, komanso yezani ndi levulo ya digito mmene foloko yaimira mukaiyang'ana kuchokera kutsogolo ndege itakhala levulo, mulembe penapake. Bawuti ikatuluka musaitaye msanga, ikuuzeni nkhani. Ipukuteni, muyendetse chikhadabo pa thunthu lake. Bawuti yomwe yagwira ntchito m'bowo lokula imakhala ndi timizere tiwiri towala pomwe khoma la soketi limailuma, mbali iyi ndi mbali inayo, ndipo chikhadabo chimakodwa pa kamphako. Muonenso ngati mazinga a bawuti analowa mkati mwa bowo. Izi zimachitika womanga akasankha bawuti yaifupi, ndiye mazinga amakhala ngati tupa, amadya soketi tsiku ndi tsiku. Mbali yosalala ya bawuti iyenera kudutsa khoma lonse mbali zonse ziwiri, mazinga ayambire kunja, mpata wotsala mudzaze ndi mawashala.

Mwendo ukakana kutuluka thirani mafuta omasulira dzimbiri, dikirani, muziupotokola pang'onopang'ono uku mukukoka. Osamenya ndi hamala pa mazinga akumunsi ndipo osayandikitsa moto wa gasi olo pang'ono. Ndodo imeneyi mphamvu yake ili m'mene anaiumitsira ku fakitale, mukaiwotcha mwaipha, ioneka bwinobwino koma idzapindika tsiku lomwe simukuyembekezera.

Apa ndi pomwe ndikufuna muchedwepo. Musanaganize zokonza bowo fufuzani ming'alu, chifukwa kugwedera komwe kwadya bowo kwakhalanso kukumenya mawelodi onse ozungulira soketi. Tsukani mafuta onse, mutenge tochi yowala, kagalasi kounikira kuseri ndi galasi lokulitsa, muyang'ane pomwe soketi yalumikizana ndi mapaipi ena, makamaka m'mphepete mwa welodi ndi kumapeto kwa timapuleti tolimbitsira. Penti ya powder coat yomwe ili pa mamount ambiri ndi yachinyengo, imatamuka nkuphimba mng'alu, ndiye mukaona kamzere kakuda kapena kofiira pa penti, kapena penti yatukuka, palani malowo mpaka chitsulo chioneke. Kenaka gwiritsani dye penetrant, zitini zitatu zija, chotsukira, utoto wofiira ndi choyera. Mumapopera wofiira, kudikira mphindi zomwe alemba pa chitini, kupukuta ndi nsalu osati kuthira chotsukira mwachindunji chifukwa mutsuka utoto womwe walowa mu mng'alu, kenaka kupopera choyera mopyapyala. Mng'alu umatuluka ngati kaulusi kofiira pa choyeracho, poyamba kowonda kenaka nkumafalikira. Mwendonso muuyeze chimodzimodzi mozungulira bowo lake ndi pomwe umatulukira mu soketi. Ngati pafupi nanu pali shopu ya injini za ndege yomwe imayeza ndi maginito, perekani mwendowo akauyeze, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi propela ndi injini zomwe mungawononge mphuno ikagwa.

Mwendo ukapezeka ndi mng'alu kapena wapindika, mugule wina, nkhani yathera pomwepo. Sawotcherera, sawongola ndi jeke. Mount ikapezeka ndi mng'alu injini itsike, mount ichoke pa ndege, ipite kwa munthu wodziwa kuwotcherera 4130 ndi TIG, osati wowotcherera mageti ndi mawindo olo akhale waluso chotani, ndipo osawotcherera ili pa ndege pafupi ndi mapaipi a petulo. Soketi ikakhala yakula mkati moti mwendo ukugogoda kukamwa, kunena zoona mount yatsopano ndiyo njira yomwe ndingakulimbikitseni, chifukwa kusintha paipi imeneyo kumafuna jigi kuti ngodya isasokonekere.

Tinene kuti ming'alu palibe, soketi ili bwino, vuto ndi bowo lokha. Liyezeni. Mufunika maikromita ndi tizitsulo toyezera mabowo ang'onoang'ono, vernier yokha siikwanira. Yezani bowo la soketi mbali zonse ziwiri, chopingasa ndi choimirira chifukwa limakula mbali imodzi, muyezenso bowo la mwendo. Kumbukirani kuti bawuti wamba ya AN5 imabwera yowonda pang'ono, pakati pa 0.309 ndi 0.312 inchi, nchifukwa chake omanga amauzidwa kumaliza bowoli ndi reamer, chida chosalazira bowo kuti lifike pa muyeso weniweni, ya 0.311 osati dirilo ya 5/16. Ambiri mwa mabowo omwe akugwedera lero anabadwa okula kale tsiku lomwe wina anangolowetsa dirilo mwachangu.

Ngati mabowo akadali ozungulira ndipo angokula pang'ono kwambiri, bawuti ya close tolerance monga AN175 kapena NAS6605 ikhoza kuthetsa vuto, chifukwa thunthu lake analipera mofanana ndipo limakhala kumtunda kwa muyeso. Iyenera kulowa mochita kukankha ndi chala chachikulu mwamphamvu kapena kugogoda pang'ono ndi hamala yapulasitiki. Ikangolowa yokha phololo ndiye kuti sinakwane, musadzinamize.

Bowo likakhala ngati dzira mulikulitse kuti likhalenso lozungulira. Mabawuti a NAS ali ndi masaizi owonjezera opangidwira ntchito yomweyi, ya chilembo X kumapeto yanenepa ndi 1/64 inchi, ya Y ndi 1/32 inchi, koma mazinga ndi nati zimakhala zomwezija. Yambani ndi yaing'onoyo ngati ingathe kuchotsa dzira lonse, chitsulo chomwe mwachotsa sichibwerera. Gulani bawuti kaye, muiyeze ndi maikromita, kenaka musankhe reamer yogwirizana ndi bawuti imene ili m'manja mwanuyo osati nambala ya m'kabuku. Ndipo apa ndichenjeze anzanga omwe muli kumayiko a mamilimita. 5/16 inchi ndi 7.94 mm, ndiye bawuti ya M8 ya ku hadiweya imaoneka ngati yankho lochokera kumwamba, yanenepa pang'ono, ikuthina, ili pafupi, ndi yotchipa. Isiyeni. Simukudziwa chitsulo chake, thunthu lake silofanana kuchokera kumutu mpaka kumapeto, ndipo mazinga ake amayamba msanga moti adzagwera mkati mwa soketi. Dikirani phukusi lifike olo litenge mwezi.

Kudula kwenikweni kumafuna mtima wodekha. Soketi ndi mwendo zidulidwe pamodzi, mwendo uli mkati pamalo ake enieni, chifukwa mukadula chilichonse pachokha mabowo sadzakumana ndipo mudzayamba kukakamiza bawuti. Bwezerani mwendo, muuzungulitse mpaka foloko iime chilili mukaiona kuchokera kutsogolo ndege ili levulo mbali ndi mbali, osangotsatira mzere wa maka uja chifukwa mwina unalembedwa mwendo utapendekera kale. Mukakhutira ugwireni kuti usasunthe, kaya ndi thabwa lomangidwa pa foloko nkulikhomerera ku chinthu cholimba. Mwendo wopendekeka umakokera ndege mbali imodzi poyenda pansi ndipo umadya tayala mbali imodzi, ndiye mukaudulira wopendekeka mwaukhazikitsa choncho mpaka kalekale.

Reamer muzungulitse ndi dzanja, ndi chogwirira cha tapu kapena bokosi sipanala pa ndodo yaitali ngati malo ndi opanikiza, osati ndi dirilo yamagetsi. Pakani mafuta odulira ochuluka. Zungulitsani mbali imodzi yokha, yomwe imadula, olo potulutsa muzizungulitsa mbali yomweyo uku mukukoka, mukaibweza mano ake amabuntha pompo. Pa khoma la soketi iyenda mofewa, ikafika pa mwendo mumva kusintha, imalimba ndipo imayenda pang'onopang'ono kwambiri, pamenepo musaikakamize. Zungulitsani kangapo, tulutsani, pukutani, pakani mafuta, bwezerani. Tizidutswa totuluka tikhale tating'ono towala ngati tisingano tosakanikira ndi mafuta m'mipata ya reamer. Mukaona ufa wokhawokha wakuda ndipo reamer ikulira tswii, yabuntha, ikungopukuta chitsulo nkumachiumitsa, imani mugule ina. Ngati dzira ndi lalikulu musalumphe kamodzi, dutsani pa reamer yapakati kaye. Malo akakhala osalola kuti reamer iime mowongoka chifukwa cha sampu ya injini kapena mapaipi a utsi, chotsani zomwe zikutchinga, olo zitanthauze kutsitsa injini. Ndikudziwa ndi ntchito ya masiku angapo koma bowo lokhota ndi loipa kuposa lomwe munayamba nalo.

Njira ina yomwe eni ma RV ambiri amaikonda ndi taper pin, AN386, chitsulo chonenepa mbali imodzi chowonda mbali inayo chokhala ndi mazinga kumapeto. Bowo mumalidula ndi reamer yosongoka ya Brown & Sharpe yogwirizana ndi saizi ya piniyo. Ubwino wake ndi wakuti imakhudza khoma lonse mozungulira popanda mpata, ndipo ikakhazikika pakatha maola ochepa mumangoikokanso pang'ono ndi nati nkuthinanso. Ine pa bowo lomwe ladyeka ndithu ndimaona kuti iyi ndiyo njira yokhalitsa. Koma ili ndi msampha wake, reamer yosongoka imadula thunthu lonse nthawi imodzi ndiye ndi yolemetsa m'manja, ndipo kumapeto kuzungulitsa kuwiri kokha kumalowetsa pini mkati kwambiri. Muziyesa pini pafupipafupi mutatsuka bowo. Mbali yowonda ya thunthu isatuluke kupitirira 1/16 inchi kunja kwa soketi, ndipo pansi pa nati pamakhala washala yakeyake ya AN975 yokhala ndi mphako kuti nati ikoke pini osati kukakamira pa phewa lake. Ganiziraninso mbali yomwe mudzaitulutsire tsiku lina, pini yotere ikakhala zaka imagwira zolimba ndipo mufunika malo oikankhira kuchokera kumbali yowonda.

Bowo la soketi likakula moti olo saizi ya Y siingalizungulitse, wowotcherera akhoza kuika timapuleti kapena mawashala okhuthala a 4130 kunja kwa soketi mbali zonse ziwiri nkubowolanso, zomwe zimapatsanso bawuti malo aakulu otsamira. Imeneyo ndi ntchito ya mount itachoka pa ndege ndipo mwendo usakhale mkati powotcherera. Musanapite patali choncho lemberani a Van's, ali ndi anthu othandiza omanga, muwatumizire zithunzi ndi miyeso yanu. Za guluu wa Loctite wothira mu soketi, ndikudziwa ena amachita ndipo kugwedera kumasiya kwa kanthawi, koma bowo likadali lokula, ndipo tsiku lofuna kutulutsa mwendo mudzafuna moto womwe tanena kuti ndi woletsedwa. Ine sindingaike dzina langa pa ntchito yotero.

Pobwezera, tulutsaninso mwendo mutsuke tizidutswa tonse mu soketi, chotsani timinga m'mphepete mwa mabowo, pakani penti pomwe munapala, mwendo muupake girizi pang'ono pomwe umakhudza soketi kuti usachite dzimbiri. Nati ikhale yatsopano. Pa bawuti ya 5/16 ya mazinga 24 ndi nati wamba yokhuthala, buku la AC 43.13-1B la FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, limapereka 100 mpaka 140 inch-pounds, kuwonjezapo kulimba kwa loko ya natiyo. Onetsetsani kuti sipanala yanu ya torque ikuwerenga inch-pounds osati foot-pounds, kusiyana kwake ndi ka 12 ndipo bawuti iduka musanazindikire. Nati yopyapyala ya pa taper pin imafuna mphamvu yocheperapo, muone pa tebulo lomwelo. Mukamaliza pakani kadontho ka penti yoonetsera pa nati, komanso kamzere kuchokera pa soketi kupita pa mwendo, kuti nthawi iliyonse mwachotsa kaulo muzingoyang'ana ngati kasweka. Kabowo ka pa firewall katsekedwe ndi chivundikiro chachitsulo ndi silanti yosagwira moto, osati tepi kapena pulasitiki, khoma limenelo ndi lomwe limaima pakati pa moto wa injini ndi miyendo yanu.

Tsono bowo silinadzidye lokha, ndipo mukasiya chomwe chinalidya mudzabweranso. Chachikulu ndi shimmy, kuvina kwa tayala kuja komwe kumagwedeza ndege yonse mukangotera. Pansi pa foloko pali nati yaikulu yofinya mawashala awiri opindika a Belleville, ndipo amenewa ndi omwe amapatsa foloko kulimba kuti isamangozungulira mwaulere. Pa ma RV amenewa muyeso ndi mapaundi 22, pafupifupi makilogalamu 10. Mumakoleka sikelo ya m'manja pa ekiselo ya tayala, mphuno ili m'mwamba, nkukoka chakumbali, muwerenge pomwe foloko ikuyenda. Ikayenda pa mapaundi 10 kapena 12 mangani nati, yesaninso, kenaka mulowetse kotapini yatsopano yotsekera natiyo. Mawashala aja aikidwe moyang'ana mmene mapulani akuonetsera, mukawatembenuza sagwira ntchito ngati sipuling'i. Muyesowu umatsika pakatha maola oyamba zinthu zikamakhazikika, ndiye muuyezenso, komanso chaka chilichonse. Onaninso mpweya wa tayala, balansi yake, ndi maberingi kuti tayala likuzungulira momasuka, tayala lomangika kwambiri limakokera mwendo kumbuyo likangogunda pansi.

Poti mwendo uli pabwalo kale, fufuzani m'buku la ndege ngati Service Bulletin 07-11-09, kalata ya malangizo ya a Van's ya mu Novembala 2007, inachitidwa. Inalamula kusintha foloko yakale nkuika yatsopano yomwe imakweza nati yaikulu ija pafupifupi inchi imodzi kuchoka pansi, chifukwa pa bwalo la udzu kapena lofewa natiyo imatha kulima nthaka, mwendo nkupindikira kumbuyo, ndege nkugudubuzika chagada. A Van's anachenjezanso kuti kulemera kwa pa tayala lakutsogolo kusapitirire mapaundi 375, pafupifupi makilogalamu 170, ndiye ngati mwaika injini yaikulu ndi propela yolemera yezani ndege yanu pa sikelo. Kwa a RV-7A ndi RV-9A, kuyambira 2019 kuli mount ndi mwendo wa mtundu watsopano wokhala ndi mphira zomwa kugunda, wofanana ndi wa RV-14A. Ngati mount yanu ikufunika kusinthidwa basi, werengerani mtengo wa zonse ziwiri musanagule yakale.

Kayendetsedwe nakonso kali ndi mbali yake. Mwendo uwu sanaupange kuti muziterera, ndi wongogwira mphuno ndege ikamayenda pang'onopang'ono. Terani pa matayala akuluakulu, ndodo yowongolera ndege ikhale kumbuyo mpaka mphuno itsike yokha liwiro litatha, poyenda pa udzu ndodo ikhale pamimba, ndipo pokankhira ndege chammbuyo gwiritsani towbar, chitsulo chokokera ndege, kuti foloko isatembenuke nkumenya pa choimitsira chake, chifukwa kumenya kumeneko kumakafika pa bawuti yomwe mwangokonzayo.

Za mapepala musazinyalanyaze. Ku America aliyense akhoza kugwira ntchito pa ndege ya Experimental Amateur-Built, gulu la ndege zomanga wekha, koma kuyendera kwa pachaka kumasainidwa ndi munthu wovomerezeka ndi FAA, monga womanga yemwe ali ndi repairman certificate ya ndegeyo kapena makaniko wokhala ndi laisensi ya A&P. Ku Britain muyambe mwalankhula ndi inspekita wa LAA, bungwe loyang'anira ndege zomanga wekha kumeneko, musanadule chitsulo, chifukwa kusintha bawuti nkuika taper pin kungafune chilolezo. Ku South Africa ndege zoterezi zili pansi pa malamulo a SACAA, bungwe loyang'anira za ndege kumeneko, ndipo amasaina ndi munthu wovomerezeka (Approved Person) kapena kampani yovomerezeka yokonza ndege (AMO). Kulikonse komwe muli lembani m'buku la ndege saizi yeniyeni ya bowo ndi nambala ya bawuti kapena pini yomwe mwaika, kuti wodzagula pambuyo panu asadzabwezeremo AN5 wamba m'bowo lomwe munakulitsa.

Mukatsitsa mphuno yendetsani ndege pansi kaye pang'onopang'ono, khotani mbali zonse, dinani mabuleki, mumvetsere. Kenaka kutera kochepa pa bwalo la tara, mubwerere, chotsani kaulo, nyamulaninso mphuno, mnzanu aikenso chala pakamwa pa soketi inu mukupotokola. Bwerezani zimenezi pakatha maola 5 mpaka 10, ndipo ngati munaika taper pin imeneyo ndiyo nthawi yoyesanso nati yake.